Amene tamusiyira wodwala m'nyumba, tinamuphunzitsa?

Ndakhala ndikuzengereza kulemba izi chifukwa zikukhudza bambo anga, koma ndaona kuti ambiri tikudutsa m'zomwezi, aliyense payekhapayekha.

Bambo atadwala sitiroko n'kufa mbali imodzi, tinagwirizana pabanja kuti tipeze munthu wowasamalira pakhomo ife tikapita kuntchito. Tinadzera ku kampani ina yomwe imatumiza osamalira odwala m'makomo. Anatipatsa mayi aulemu, osawiringula, olankhula ndi bambo mokoma. Madzulo tinkapeza bambo atasamba, atavala zochapa, atafunditsidwa bwinobwino, ndipo mtima unakhala pansi. Patatha milungu itatu, tsiku lina mayiwo atapita kukaona ana awo, ndinawasintha ndekha bambo thewera. Kumunsi kwa msana kunali chilonda chotseguka, kukula kwake ngati chikhatho cha mwana. Chidendene cha mwendo wakufawo chinali chitada bii.

Ndinapsa mtima, sindinama. Koma nditawafunsa mayiwo m'mawa mwake, yankho lawo linandithetsa mawu. Anati akamawatembenuza bambo ankabuula, ndiye ankawasiya chigonere chagada poopa kuwapweteka. Palibe anawauzapo kuti munthu amene sangathe kudzitembenuza amafunika kumusintha kagonedwe pafupifupi maola awiri alionse, usana ndi usiku. Sankadziwa kuti fupa likapanikiza mnofu pa matiresi nthawi yaitali magazi amasiya kufikapo, mnofu n'kuyamba kufa mkati khungu lisanang'ambike, ndiponso kuti malo oyamba kuyang'ana ndi kumunsi kwa msana, m'chiuno, zidendene ndi mapewa. Kukampani kuja anangowafunsa ngati anadwazikapo matenda, iwo n'kuvomera, basi ntchito yayamba.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yanga. Timaona ngati kusamalira wodwala kapena wokalamba pakhomo ndi ntchito yomwe aliyense wamtima wabwino angagwire. Mayi aja mtima anali nawo, woposa wanga mwina, koma bambo anatuluka chilonda m'manja mwawo momwemo. Ntchitoyi ili ndi luso lake, ndipo wosaphunzitsidwa amavulaza munthu akuganiza kuti akumuthandiza.

Tengani kudyetsa kokha. Anthu ambiri amene adwala sitiroko amavutika kumeza. Ukamudyetsa chogona, kapena mothamanga kuti umalize ntchito zina, chakudya kapena madzi zimalowera kunjira ya mpweya n'kukafika m'mapapo, mapeto ake chibayo. Ena satsamwa n'komwe moti uone, zimangolowa mwakachetechete. Wodwala amayenera kukhala tsonga podya, n'kukhalabe choncho kwa theka la ola akamaliza. Wa matenda a shuga akamwa mankhwala kapena kubayidwa insulini koma osadya, shuga amatsika kwambiri, munthu n'kuyamba thukuta, kunjenjemera, kubwebweta, ngakhale kukomoka kumene. Wokalamba akayamba mwadzidzidzi kusokonezeka mutu, ambiri amangoti ndi ukalamba, pomwe nthawi zambiri ndi kuchepa kwa madzi m'thupi kapena matenda a m'njira ya mkodzo, zinthu zochizika zikadziwika msanga. Nanga kugwa? Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse padziko lonse chifukwa chogwa, ndipo gulu lomwe limafa kwambiri ndi la opitirira zaka 60. Kubafa konyowa, kapeti yoterera, mdima wa usiku popita kuchimbudzi, zonsezi zili m'nyumba zathu zomwezi.

Kuchipatala, ngakhale zinthu zitavuta bwanji, pamadutsa maso ambiri: namwino wa usiku, dokotala wa m'mawa, odwala anzake, obwera kudzazonda. Kunyumba chitseko chikatsekedwa amatsala anthu awiri, ndipo mmodzi mwa iwo sangathe kudzuka, mwinanso kulankhula. Izi ndi zomwe zimandisowetsa tulo. Bungwe lomwe lija limati mwa anthu 6 alionse a zaka 60 kapena kuposerapo omwe akukhala m'makomo, mmodzi amakhala atachitidwa nkhanza ya mtundu wina m'chaka chimodzi chokha. Nkhanzazo si kumenya kokha ayi. Kukalipira, kunyoza, kumusiya munthu m'mikodzo tsiku lonse, kumutapa ndalama pafoni kapena ku banki, zonsezo ndi nkhanza. Ndipo tisathamangire kuloza chala antchito okha, chifukwa ochita zimenezi kawirikawiri amakhala achibale enieni. Wokalamba sadandaula. Amaopa kuti akaulula, amene amamusambitsa mawa ndi yemweyo.

Ndiyeneranso kunena mbali yomwe ife olemba anthu ntchito sitikonda kuimva. Mayi aja tinkawayembekezera kusambitsa bambo, kuwadyetsa, kuwanyamula kuchoka pabedi kupita pampando, kuchapa, kuphika, kukolopa, usiku n'kumadzukanso akaitanidwa. Munthu mmodzi. Magolovesi sitinkagula nthawi zonse. Kunyamula munthu wamkulu wekha kumathyola msana, ndipo wonyamulayo akaterereka amagwa onse awiri. Mutu umodzi susenza denga. Mu 2011 bungwe loona za ntchito padziko lonse la International Labour Organization linakhazikitsa pangano nambala 189 lonena za antchito a m'nyumba, lomwe mwa zina limati wantchito azipuma maola 24 otsatizana pamlungu. Ife tsiku lopumalo tinkapereka ngati tikuwachitira chifundo. Munthu amene sanagone mokwanira kwa masiku asanu amaiwala mankhwala, amapsa mtima msanga, amagwira wodwala mwankhanza asakufuna. Tikamufinya wosamalira, ululu wake umakathera pathupi la kholo lathu.

Ena andiuza kuti ndingoika kamera m'chipinda. Ndikumvetsa mantha awo, koma ine ndinakana. Bambo amavulidwa ndi kusambitsidwa m'chipinda chimenecho, ndipo akadali munthu wamkulu woyenera ulemu wake. Komanso kamera ikanandionetsa chiyani? Mayi akuwafunditsa bambo mwachikondi, chilonda chikukula kunsi kwa bulangete.

Makampani otumiza osamalira odwala ndi omwe ndili nawo mawu kwambiri. Mukulandira ndalama polonjeza munthu wodziwa ntchito, ndiye muuzeni wolipirayo kuti munthuyo anaphunzira chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, anamuphunzitsa ndani. Munafufuza mbiri yake kumene anagwirako kale? Alipo namwino amene amayendera makomo kukaona mmene odwala alili, kapena mumangoimba foni mwezi ukatha? Wosamalira akadwala, amabwera ndani m'malo mwake? Wodwala akatsamwa kapena kugwa, wantchito wanu aimbire ndani? Ine mafunso amenewa sindinafunse ngakhale limodzi, ndinangoona ulemu wa mayi aja n'kusayina. Boma lililonse lomwe limayendera zipatala ndi malo ogulitsira mankhwala liyeneranso kulembetsa ndi kuyendera makampani otere, chifukwa ntchito yawo imafika pathupi la munthu chimodzimodzi.

Mayi aja sitinawachotse ntchito. Tinaitana namwino amene anabwera masiku angapo kudzatiphunzitsa tonse, iwo ndi ife, katembenuzidwe, kaikidwe ka mapilo kuti zidendene zisagunde matiresi, kadyetsedwe ndi katsukidwe ka chilonda. Tinagula kope lomwe timalembamo nthawi yotembenuza, mankhwala omwe amwa, madzi omwe amwa ndi chilichonse chachilendo pakhungu. Usiku timasinthana ine ndi mchemwali wanga kuti mayiwo agone, ndipo zochapa ndi kukolopa tinawachotsera. Kawiri pamlungu ndimawasambitsa ndekha bambo kuti ndione thupi lonse ndi maso anga, kenako ndimakhala nawo awiriwiri n'kuwafunsa mmene akusamalidwira. Chilonda chija chinatenga miyezi inayi kuti chitseke, ndipo chipsera chake chilipo mpaka lero.