Aku Zambia atisiya kutali pa zosamalira m'mimba mwa agogo

Ndikadali wokwiya ndi mtengo umene ndauzidwa pa sitolo ina ya mankhwala muno mu Zomba. Agogo athu a ku Jali atamaliza mankhwala a chifuwa, ma antibayotiki aja, m'mimba munasokonekera, nsima nkumangoitsina kawiri basi asamba m'manja. Wina nkuti agulireni ma probiotics, timakapisozi ta tizilombo tabwino ta m'matumbo tochokera ku Joni. Kabotolo kobisika m'chikhatho, koma ndalama yake mungagule thumba la chimanga nkutsalako ya matemba!

Chikundiwawa nchakuti tizilombo tabwino timene akutigulitsa m'kabotolomo, anzathu aku Zambia amangomwa m'kapu. Amene munafikako mukudziwa: munkoyo pamsika uliwonse, ndipo kumwera kwa Atonga, ku Monze ndi ku Choma, nkhalamba sigona isanalawe mabisi, mkaka wosasa uja. Munkoyo amaphika phala, likazizira nkuponyamo mizu yosinja, nkulisiya tsiku limodzi kapena awiri. Likasasa amamwa momwemo, tizilombo tili tamoyo. Mpaka akatswiri aku yunivesite ya Wageningen ku Netherlands akhala akufufuza zakumwa ziwirizi limodzi ndi eni dziko.

Nanga ife? Thobwa wathu timathira chimera madzulo, kukacha timamubwezeranso pamoto kuti awire. Tizilombo tija tafera pompo. Kenako shuga wodzaza manja, kuthira m'mabotolo, ulendo ku depoti. Chambiko ndiye tinachisandutsa chakumwa cha ana a mabwana, chogula mu firiji ya m'sitolo, pomwe ng'ombe zamkaka zili pafupi pompa, ku Chiradzulu ndi ku Thyolo.

Musaiyese nkhani yachibwana. Gawo lalikulu la chitetezo cha m'thupi lili m'matumbo, ndipo munthu akamakalamba tizilombo tothandiza, monga Bifidobacterium, timachepa, chitetezonso nkumafooka. Ma antibayotiki nawo sasankha, amasesa toipa ndi tabwino tomwe. Kale mu 1907 wasayansi Élie Metchnikoff anali akunena kuti mkaka wosasa ndiwo umawafikitsa patali alimi aku Bulgaria. Ife mpaka lero agogo akadwala timathamangira fanta ndi buledi.

Koma ndisawakweze kwambiri achimwene athu aku Zambiawa. Pa kukoma, munkoyo sungayime ndi thobwa wa mawere wa pa chinkhoswe, zimenezo asatsutse munthu. Kuwiritsa kwathu kuja kulinso ndi nzeru yake, chifukwa madzi a m'zitsime zina muno amabweretsa kolera, ndipo nkhalamba ikatsegula m'mimba sichedwa kutha madzi. Mkaka wosaphitsa nawo umanyamula TB ya ng'ombe, choncho uyenera kuwira kaye usanausiye kuti usase. Akatswiri eniake akadatsutsanabe kuti tizilomboti timalimbitsa chitetezo cha okalamba kufika pati, ndiye wina asataye mankhwala a kuchipatala poti wamwa chambiko.

Aku Tanzania ali ndi mkaka wosasa wawo wotchedwa mtindi, ndipo ku Mwanza magulu a amayi amapanga yogati ya ma probiotics nkumagulitsa m'makomo. Aku Mozambique sindiwawerengera, maheu awo ndi athu omwewa.

Kapisozi sindinagule. Ndapangana ndi mayi wina wa ku Chinamwali woweta ng'ombe kuti azindisungira lita imodzi Loweruka lililonse, ndipo thobwa wa agogo tiziyamba tawapatulira wawo atawira kale, nkumusiya asase pang'ono, shuga osathira. Adandaula kale kuti tikuwamana.