Lekani kuthyola Yeremiya 29:11 ngati mondokwa wa m'munda wa eni

Ana inu, tamverani kuno, pamodzi ndi inu akuluakulu a mipingo amene mwayamba kutengeka ngati ana. Chaka chikangoyamba, Yeremiya 29:11 amakhala paliponse: pa WhatsApp, pa makalendala, kumbuyo kwa minibasi, m'mapemphero ochezera usiku wonse. Aliyense akuti Mulungu ali ndi malingaliro abwino pa ine, a mtendere osati a choipa, ndiye chaka chino ndi changa. Vesilo ndi loona, sitikulikana. Koma mwalithyola mothamanga ngati mondokwa wakuba, osaona kuti munda ndi wa yani, unalimidwa liti, ndipo mwini wake ananena kuti chimangacho chikololedwa liti. Tikafunsa kuti vesi 10 likuti chiyani, mumayang'ana pansi. Tikafunsa kuti Hananiya anali yani, mumatchula wa m'buku la Machitidwe, mwamuna wa Safira. Kumeneku ndi kusasamala, ndipo kukupweteketsa anthu.

Mutu 29 ndi kalata. Yeremiya mwana wa Hilikiya, wa ku Anatoti m'dziko la Benjamini, anailemba ali ku Yerusalemu, n'kuipatsira amithenga awiri, Elasa mwana wa Safani ndi Gemariya mwana wa Hilikiya, amene mfumu Zedekiya inawatuma ku Babulo. Oilandira anali Ayuda amene Nebukadinezara, mfumu ya Babulo, anawagwira m'chaka cha 597 BC. Mfumu Yehoyakini inali italamulira miyezi itatu yokha pamene inadzipereka. Inatengedwa pamodzi ndi amayi ake, nduna, asilikali, amisiri a matabwa ndi osula zitsulo, anthu 10,000 malinga ndi 2 Mafumu 24:14. Nazo ziwiya za m'Kachisi zinapita. Anthu amenewa ndi amene akutchedwa "inu" m'vesi 11. M'Chiheberi mawuwo ndi onena za anthu ambiri. Vuto la Chichewa chathu n'lakuti "inu" timamugwiritsanso ntchito polemekeza munthu mmodzi, ndiye wowerenga amangoti akunena ine. Akunena mtundu wathunthu umene unali pa chilango.

Tsono onani zimene zinkachitika ku Yerusalemu masiku omwewo. M'chaka chachinayi cha Zedekiya, akazembe a ku Edomu, Mowabu, Amoni, Turo ndi Sidoni anali mumzindamo, ndipo nkhani inali yogalukira Babulo. Yeremiya anapanga goli lamtengo ndi zingwe zake, longa limene timamangira ng'ombe pa ngolo, n'kulivala m'khosi. Uthenga wake unali wowawa: gonjerani mfumu ya Babulo kuti mukhale ndi moyo. Mwezi wachisanu, m'Kachisi, pamaso pa ansembe ndi khamu lonse, anaimirira Hananiya mwana wa Azuri wa ku Gibeoni. Sanabwere ndi nsupa kapena dzina la Baala ayi. Analankhula m'dzina la Yehova, ndi mawu omwewo amene aneneri enieni ankayambira. Anati goli la Babulo lathyoledwa, pasanathe zaka ziwiri ziwiya za m'Kachisi zibwerera, mfumu Yehoyakini ibwerera, onse ogwidwa abwerera.

Yeremiya anayankha kuti ameni, Yehova achitedi zimenezo. Munthuyu sankakondwera ndi tsoka la abale ake. Koma anawonjeza kuti aneneri akale ankalosera nkhondo, tsoka ndi miliri, ndipo wolosera mtendere adzadziwika kuti ndi wotumidwa pokhapokha mawu ake atachitika. Hananiya anavula goli lija m'khosi mwa Yeremiya n'kulithyola anthu akuona. Likanakhala lero, kanema wake bwenzi atazungulira mafoni onse dzuwa lisanalowe. Yeremiya anangochoka, osayankha kanthu. Patapita nthawi ndi pamene anabwerera ndi mawu: wathyola goli lamtengo, koma m'malo mwake mubwera lachitsulo, ndipo popeza wachititsa anthu awa kukhulupirira bodza, ufa chaka chomwechino. Hananiya anamwalira mwezi wachisanu ndi chiwiri, patangopita miyezi iwiri.

Ku Babulo nako kunali anzake a Hananiya. Ahabu mwana wa Kolaya ndi Zedekiya wina, mwana wa Maaseya, ankanenera zabodza uku akugona ndi akazi a eni, ndipo Yeremiya ananeneratu kuti mfumu ya Babulo idzawawotcha pamoto. Semaya wa ku Nehelamu anafika polembera wansembe Zefaniya ku Yerusalemu kuti bwanji osamumanga Yeremiyayo m'matangadza ngati wamisala. Chinamukwiyitsa n'chiyani? Kalata yomweyi imene inu mukuikonda. Inkauza anthu kuti ukapolo ukhala wautali.

Werengani kuyambira vesi 4 muone. Mangani nyumba mukhalemo. Limani minda mudye zipatso zake. Kwatirani, berekani, ana anu muwapezere mabanja kuti nawonso abereke. Funirani mtendere mzinda umene ndakupititsaniko, muupempherere, chifukwa mtendere wake ndiwo mtendere wanu. Musamvere aneneri ndi olota ali pakati panu. Kenako vesi 10: zikadzatha zaka 70 za Babulo ndidzakuyenderani ndi kukubwezerani kuno. Pamenepo m'pamene pakubwera vesi 11. Choncho lonjezo limene mukuligwiritsa ntchito ponena kuti zanga zitheka mwezi uno linalembedwa pofuna kutsutsa anthu amene ankanena kuti zitheka msanga. Mwatenga mawu a Yeremiya n'kuwalankhula ndi pakamwa pa Hananiya.

Tawerengani nokha. Munthu amene anagwidwa mu 597 ali ndi zaka 30, pofika 538 pamene chilolezo chobwerera chinaperekedwa, akanakhala ndi zaka 89. Ulendo wake unali wa pansi, ndipo Ezara atauyenda pambuyo pake unamutengera miyezi inayi. Ambiri mwa amene anamva kalatayo ikuwerengedwa anaikidwa m'manda ku Babulo konko. Lonjezo linakwaniritsidwa pa ana ndi zidzukulu zawo, ndipo linatheka chifukwa makolowo anamvera zolima ndi zomanga zija. Akanakhala pa akatundu omangamanga kudikira zaka ziwiri za Hananiya, sipakanatsala mtundu woti ubwerere.

Zimene zikutidetsa nkhawa kwathu kuno n'zomwezi. Munthu wauzidwa kuti wachira, n'kusiya ma ARV kapena mankhwala a shuga ndi a BP, osapitanso kukayezetsa. Wina wauzidwa kuti chaka chino akwera ndege, n'kugulitsa feteleza mvula ili pafupi, ndalama n'kukapereka ngati mbewu. Mtsikana wasiya sukulu chifukwa mwamuna wolemera akuti waonekera kale m'masomphenya. Pofika February m'nyumba mulibe ufa, mneneri uja wasintha nkhani, akuti chikhulupiriro chanu chinachepa kapena azakhali anu anatseka njira. Banja n'kuyamba kulozana zala za ufiti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yeremiya anawafotokoza kale anthu otere: amapoletsa bala pamwamba pokha, akunena kuti mtendere, mtendere, pomwe mtendere palibe. M'mutu 23 akuti amangoti ndalota, ndalota, ndipo amaberana mawu wina ndi mnzake.

Kuyesa mneneri si mwano, ndipo sikufuna sukulu ya ubusa. Akanena chinthu, lembani m'kope tsiku limene wanena, mawu ake enieni, ndi nthawi imene waika. Nthawiyo ikakwana tsegulani kopelo. Deuteronomo 18:22 akuti chikapanda kuchitika, Yehova sananene, ndipo musamuope munthuyo. Musalole kuti asunthe tsiku kapena kumasulira mawu ake mwatsopano. Mvetseraninso ngati amatchulako tchimo. Yeremiya ankatchula zinthu ndi maina ake: kuba, kupha, chigololo, kulumbira monama, kupondereza mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye, kumangitsa nyumba osalipira antchito. Mneneri amene chaka chonse amangoona magalimoto ndi maukwati, osaonako katangale wa amene akhala pa mipando ya kutsogolo, akuona ndi maso a m'thumba. Ndipo aliyense wokuuzani kuti siyani mankhwala, siyani munda, siyani sukulu, akutsutsana ndi kalata yomwe imene akuiwerenga, chifukwa iyo ikuti limani, mangani.

Tsono inu okonda kudula mavesi, mukudziwa amene munatengera? Ndi mfumu Yehoyakimu, bambo wake wa Yehoyakini. M'chaka chake chachinayi, 605 BC, chaka chimene Nebukadinezara anagonjetsa Aigupto ku Karikemisi, Yeremiya anauza Baruki mwana wa Neriya kuti alembe mumpukutu mawu onse a zaka 23. Chaka chotsatira, mwezi wachisanu ndi chinayi, nyengo yozizira, mpukutuwo unafika kwa mfumu ili m'nyumba yake ikuwotha moto wa pa mbaula. Mtumiki wake Yehudi akawerenga magawo atatu kapena anayi, mfumu inkadula ndi kampeni ka mlembi n'kuponya pamoto, mpaka mpukutu wonse unatha. Nduna zake Elinatani, Delaya ndi Gemariya mwana wa Safani zinaichonderera kuti isatenthe, koma sinamve. Palibe anachita mantha, palibe anang'amba zovala. Yeremiya anangotenga mpukutu wina, Baruki n'kulembanso zonse, ndipo anawonjezamo mawu ena ambiri onga omwewo. Yehoyakimu anatentha zonse. Inu mumasunga kachidutswa kamodzi kokoma n'kuponya kwina konseko pa mbaula, koma kampeni n'komweko.

Palinso kulapa kwa pa mavuto, kumene ambirife timakudziwa bwino. Ababulo atazinga Yerusalemu, Zedekiya ndi anthu anapangana m'Kachisi kumasula akapolo awo achiheberi, monga lamulo linkanenera kuti kapolo atumikire zaka zisanu ndi chimodzi basi. Anadula mwana wa ng'ombe pakati n'kudutsa pakati pa mbali ziwirizo. Gulu la nkhondo la Farao litatuluka mu Igupto, Ababulo anayamba achokapo. Pomwepo eni akapolo anakawagwiranso anthu aja. Ababulo anabwerera. Mzinda unazingidwa kuyambira mwezi wa 10 wa chaka cha 9 cha Zedekiya mpaka mwezi wachinayi wa chaka cha 11, pamene chakudya chinatheratu, linga n'kubooledwa. Zedekiya anathawa usiku, anamugwira m'chigwa cha Yeriko, ku Ribila anamuphera ana ake iye akuona, kenako anamukolowola maso. Mwezi wotsatira Nebuzaradani, mkulu wa alonda a mfumu ya Babulo, anatentha Kachisi. Chinali chaka cha 586 BC, ngakhale ena amawerengera 587. Awa ndi anthu amene ankaimba kuti Kachisi wa Yehova, Kachisi wa Yehova, poganiza kuti nyumbayo ndi chithumwa.

Apa tichenjezenso ena. Musamatenge nkhani iyi n'kumanyozera Ayuda ngati kuti inu ndinu abwinopo. Amene anasunga mawu owadzudzulawa, kuwakopera ndi kuwawerengera ana awo, ndi Ayuda omwewo. Musamathamangirenso kuuza anthu amene nyumba zawo zakokoloka ndi madzi kuti ndi chilango cha Mulungu. Yeremiya anatumidwa kwa Yuda ndipo analipira ndi thupi lake: anakwapulidwa, anaikidwa m'matangadza, anaponyedwa m'chitsime cha matope mpaka Ebedi-Meleki Mkusi anamutulutsa ndi zingwe, atamuponyera nsanza zoti aike m'khwapa kuti zingwezo zisamucheke. Inu amene mukulengeza chiweruzo pa Facebook, anakutumani ndani?

Chiyembekezo chilipo, ndipo Yeremiya anachionetsa ndi ndalama zake. M'chaka cha 10 cha Zedekiya, mzinda uli wozingidwa, iye ali m'ndende ya pa bwalo la alonda, anagula munda wa msuweni wake Hanameli ku Anatoti ndi masekeli 17 a siliva. Anayeza silivayo pa sikelo, anasaina chikalata, anaitana mboni, panakhala makope awiri, lomata ndi losamata, n'kuuza Baruki kuti awaike m'mbiya kuti akhalitse. Taonani mneneri weniweni: akukhulupirira kuti minda idzagulidwanso m'dzikomo, komabe akusamala za mboni ndi mapepala. Inu mukugula malo pongogwirana chanza, mukuti Mulungu adziwa.

Babulo anagwa m'manja mwa Koresi wa ku Perisiya mu 539 BC. Chaka chotsatira Koresi analola Ayuda kubwerera, ndipo ziwiya zimene Hananiya anati zibwera pa zaka ziwiri zinabwera nthawi imeneyo, 5,400 malinga ndi Ezara 1:11. Mndandanda wa obwerera uli ndi anthu 42,360. Za zaka 70, ena amawerenga kuyambira 605 mpaka kubwererako, zomwe zimaperewera pang'ono, ena kuyambira kutenthedwa kwa Kachisi mu 586 mpaka kumalizidwa kwa watsopano cha mu 516. Ngati ophunzira amasiyana pa zaka zimene zinadutsa kale, samalani ndi mnyamata amene akutenga 70 yemweyo n'kukuwerengerani tsiku la kutha kwa dziko kapena la kutha kwa umphawi wa Malawi. Danieli ataziwerenga zaka zimenezi m'buku la Yeremiya sanachite phwando. Anasala kudya, anavala chiguduli, n'kuvomereza machimo ake ndi a anthu ake. Ndipo maziko a Kachisi watsopano ataikidwa, achinyamata anafuula mokondwa pamene nkhalamba zimene zinaona woyamba uja zinkalira mokweza, mpaka anthu sanathe kusiyanitsa phokoso la chimwemwe ndi la maliro.

Yeremiya mwini wake sanazione zimenezi. Gedaliya, amene Ababulo anamuika kuyang'anira otsala, ataphedwa ku Mizipa, anthuwo anapempha Yeremiya kuti awafunsire kwa Yehova, nalumbira kuti amvera chilichonse, chokoma kapena chowawa. Yankho linatenga masiku khumi, ndipo linali lakuti khalani m'dziko lomwelino, musapite ku Igupto. Anamuuza kuti ukunama, Baruki ndiye wakutuma. Anamutenga iye ndi Baruki yemwe n'kupita nawo ku Tapanesi, ku Igupto konko, ndipo mawu ake omaliza amene tili nawo anawalankhulira kumeneko, munda wake wa ku Anatoti uli m'mbuyo.