Kabuku ka ngongole: okala ya ku Mzuzu, duka la ku Mbeya ndi kantemba ka ku Chipata

Mukalowa mu okala ya ku Chibavi, Zolozolo kapena Mchengautuwa, suzumirani kuseri kwa kauntala. Mupezako kabuku ka ana a sukulu kothimbirira ndi mafuta ophikira, tsamba lililonse lili ndi dzina la banja: sopo mmodzi, shuga theka, machesi, mazira atatu. Pakhoma alembapo kuti "Ngongole mawa", koma kabukuko kadzaza. Thandizo lalikulu limene okala imapereka kwa anthu a m'dera lili mmenemu. Banja limene malipiro achedwa, kapena mayi amene mwana wake wagonekedwa m'chipatala, amadya chifukwa cha kabukuka. Komanso ndi kabuku komweka kamene kamatseketsa maokala ambiri.

Mukawoloka Songwe n'kulowa Kasumulu, Kyela mpaka Mbeya, kashopu kotere amati duka, ndipo m'matauni ambiri a ku Tanzania mumva akuti "kwa Mangi", poti Achaga a ku Kilimanjaro ndiwo adatchuka ndi malondawa. Nawonso amakongoza. Kusiyana kwake kuli kopikula. Iwo ali ndi chizolowezi chotchedwa mali kauli: wopikulitsa amapereka katundu pa mawu chabe, wogulitsa n'kudzabweza akagulitsa. Choncho kulemera kwa ngongole kumagawanika, wina amanyamulako. Kuno wa okala akapita kukaoda m'tauni kapena ku Taifa Market, kawirikawiri amafunika ndalama pamanja. Akakongoza mnansi, wakongoza mpamba wake weniweni.

Tiyerekeze ndi belo la shuga la mapaketi 20. Ngati phindu la belo lonse likufanana ndi mtengo wa mapaketi awiri, ndiye kuti mapaketi atatu okha osabwezedwa adya phindu lonse n'kuluma mpamba. Sabata yotsatira ndalama ya belo lina siikwana, mashelefu amayamba kuyera, ogula ndi ndalama amasamukira kwa wina, otsala ndi okongola okhaokha. Kugwa kwa kwacha kumaonjezera moto. Mu November 2023 kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo amene adalemba ngongole mu ndalama adabwezeredwa ndalama yosagulanso katundu amene adapereka. N'chifukwa chake wodziwa amalemba zinthu zitatu: katundu, tsiku lotenga ndi tsiku lobweza, ndipo amagwirizana poyamba kuti ngongole ikapyola mwezi idzalipidwa pa mtengo wa tsiku lobwezalo. Banja lililonse likhale ndi malire ake, ndipo ngongole yatsopano isalembedwe yakale isanachepe. Kukana kumapweteka, makamaka kwa munthu amene mumapemphera naye mpingo umodzi, koma okala yotsekedwa siithandizanso aliyense mwa mabanja makumi amene amaidalira.

Anzathu a ku Zambia, ku Chipata ndi Lundazi, kantemba, okala ya kwawoko, kadatchuka ndi pamela, timapaketi ta ufa tokwana nsima ya tsiku limodzi, zimene kuno timati walkman. Njira yophwanya katundu m'tizigawo imachepetsa ngongole, chifukwa munthu wa ganyu amagula molingana ndi zimene wapeza tsikulo. Ine ndimaiona ngati yabwino kuposa kukongoza mwachisawawa, ngakhale ili ndi chilema: ukawerengera pa kilogalamu, wosauka ndiye amalipira zambiri. Wa okala wachilungamo amayeza pa sikelo, osati ndi maso. Chigubu cha mafuta cha malita 20 chikathiridwa m'timachubu, ena amatsalira m'chigubu, ena amatayika, ndiye muwerengere zimenezi poika mtengo m'malo mochepetsa muyezo mwakabisira. Ndipo poti Mzuzu ndi wa mvula ndi chinyezi, ufa, mchere ndi shuga zophwanyidwa zikhale pa matabwa, osakhudza khoma. Paketi ya ufa wa nkhungu siithandiza munthu.

Pa maliro ndiye Amalawi sitichepa. Uthenga ukangomveka, anyamata a mfumu amayenda ndi mbale, ndipo okala ndi imene imayamba kutulutsa shuga, masamba a tiyi, mchere ndi makandulo a pa siwa. Vuto n'lakuti zambiri sizilembedwa. A ku Tanzania pa zopereka za ukwati ndi maliro amakonda kukhala ndi komiti, mndandanda wa mayina ndi nambala ya foni yolandirira, poti M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni, idafika kwawo mu 2008. Kuno Airtel Money idayamba mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo eni maokala ambiri ndi maejenti. Apa ndi pamene zimasokonekera: ndalama ya chipepeso ikalowa pa nambala ya ejenti imasakanikirana ndi ya malonda, ndipo tsiku logula bokosi palibe akudziwa kuti yamaliro ndi iti. Munthu wosaba n'komwe amatchedwa wakuba.

Chofunika ndi nambala yapadera, kope lapadera, ndipo ngati pali kabokosi ka zopereka pa kauntala, kakhale ndi maloko awiri, kiyi wina kwa mwini okala, wina kwa msungichuma wa komiti ya m'dera. Potsegula pakhale mboni, ndalama iwerengedwe poyera, chiwerengero chimatidwe pakhoma. Zimene mwini okala akupereka yekha azichotse pa phindu la mwezi, atapatuliratu gawo lake, ngati mmene amapatulira ya chipereganyu kapena ya banki mkhonde. Gawolo likatha mwezi usanathe, angathandize ndi zina: kubwereketsa mabenchi, kusunga katundu wa pamaliro m'sitolo, kapena kutchajira mafoni a anamfedwa usiku wa pa siwa.