Chida choimbira sagula pa chithunzi

Abale anga a m'makwaya ndi m'mabandi, maganizo anga ndi awa: gitala kapena kiyibodi musamagule mutangoona chithunzi pa WhatsApp. Pitani ku shopu ya zida zoimbira mukachigwire ndi manja, ndipo musanafunse mtengo, funsani ngati ali ndi mmisiri wokonza. Shopu yopanda mmisiri idzakusiyani padzuwa chidacho chikadzavuta.

Gitala yambani ndi khosi. Liyang'aneni kuchokera kumutu ngati mmene kalipentala amasuzumirira thabwa, muone ngati silinapindike. Pa fureti ya 12 (mafureti ndi tizitsulo topingasa pa khosi, timawerenga kuchokera kumutu), mpata wa pakati pa nsambo yaikulu ndi fureti ukhale mamilimita 2 kapena 2.5. Ukapitirira 3, wophunzira zala zimamupweteka mpaka amaitaya gitalayo n'kumati kuimba si mphatso yake, chonsecho vuto ndi chida. Lizani nsambo iliyonse pa fureti iliyonse, mumvetsere ngati pena sipakunjenjemera. Kenako tengani kapepala, mukalowetse pansi pa kathabwa komwe nsambo zimamangidwa. Kakalowa, guluu wayamba kumatuka, ndipo nsambo zidzakazula.

Khosi likapindika pang'ono si imfa ya gitala. Magitala a nsambo zachitsulo amakhala ndi chitsulo m'kati mwa khosi chomwe mmisiri amachipotoza pang'onopang'ono, kota ya mzungulire kenako n'kuyesa. Wochipotoza mwamphamvu kunyumba amachithyola. Ndipo chonde, gitala ya nsambo za nayiloni musaiike nsambo zachitsulo, siinapangidwe kuti ipirire kukoka kotero. Dzinja chinyezi chimatupitsa thabwa ndi kuchititsa dzimbiri nsambo, choncho muzizipukuta mukamaliza kuimba. Mu Okutobala musaisiye m'galimoto yotseka, kutentha kumafewetsa guluu.

Kiyibodi idineni makiyi onse 61, mofatsa kenako mwamphamvu, mumve ngati mawu akusintha. Koma chimene chapha makiyibodi ambiri m'matchalitchi ndi adaputa. Ma Yamaha PSR ang'onoang'ono amafuna 12V, ma Casio ang'ono ambiri a masiku ano 9.5V, ndipo kachizindikiro ka + ndi − kojambulidwa pafupi ndi polowetsera kayenera kufanana ndi ka pa adaputa. Pulagi kungolowa sikutanthauza kuti zagwirizana. Chida chimene wachibale watumiza kuchokera ku America muwerenge kaye kumbuyo kwake: kumeneko magetsi ndi 120V, kuno ndi 230V. Chikalembedwa 120V yokha, chipsa nthawi yomweyo.

Pochita hayala zokuzira mawu za ukwati kapena msonkhano, zilumikizeni zonse pa shopu pomwepo mwini akuona. Yesani tchanelo iliyonse ya mikisa, maiki iliyonse, gwedezani mawaya mumve ngati sakuthetheka. Lembani chiwerengero cha mawaya ndi zilema zimene mwazipeza, musainirane. Mikangano yambiri pobweza imachokera pa waya mmodzi wosowa kapena sipika yomwe inali yong'ambika kale. Funsaninso ma ohm, muyeso wolembedwa pa sipika ndi pa ampu (makina opatsa masipika mphamvu): masipika awiri a 8 ohm pa tchanelo imodzi amatsitsa kufika pa 4, atatu amatsitsa kufika pa 2.7, ndipo ampu yolembedwa 4 ohm imatentha n'kuzima phwando lili m'kati. Ampu iziyatsidwa pomaliza, izizimitsidwa poyamba. Ngati ndi jenereta, ilire kaye ikhazikike musanalumikize kanthu, ndipo muzimitse zida mafuta asanathe.

Za maphunziro, pemphani kukhala nawo pa kalasi imodzi musanalipire. Mphunzitsi amene amangoonetsa luso lake ola lonse mwana ali manja lende akudyerani ndalama. Wabwino amayamba ndi kuchuna, kagwiridwe ka chida ndi makodi (mawu angapo olizidwa pamodzi) atatu ngati G, C ndi D, omwe amakwana kuperekeza nyimbo zambiri za kwaya. Mwana akhale ndi chida kunyumba, ngakhale chahayala kwa miyezi iwiri yoyamba, aziyeserera mphindi 20 tsiku lililonse. Akapirira mpaka nsonga za zala zitalimba, pamenepo mugulireni chake.