Anthu amene ankayenda ndi msika kumsana

Loweruka lapitali ndinatsika sitima pa siteshoni ya Farringdon n'kudutsa wapansi m'dera la Smithfield, kuno ku London. Kuseri kwa tchalitchi chakale cha St Bartholomew the Great kuli kamsewu kopapatiza kotchedwa Cloth Fair. Lero kali zii, koma apa mpamene pankachitikira msika waukulu wa pachaka, Bartholomew Fair, umene unayamba mu 1133 n'kudzatsekedwa mu 1855. Kwa zaka mazana ambiri, chakumapeto kwa Ogasiti aliyense pankadzaza ogulitsa nsalu, owotcha nyama ya nkhumba, azisudzo, ndi akuba omwe. Ndinaima pamenepo kwa kanthawi, mtima uli kwa mayi anga, amene anatilera ndi geni ya tomato ndi usipa.

Pali mawu amene ndimamva kawirikawiri kwa anzathu, akuti kwa azungu kunatukuka chifukwa kunalibe zamavenda m'misewu. Amandipweteka, chifukwa si zoona.

Cha m'chaka cha 1600 mzinda wa London unali ndi anthu pafupifupi 200,000. Pofika 1700 anali atapitirira 500,000. Khamu lonseli linkadya tsiku ndi tsiku, kopanda mafiriji, kopanda magalimoto. Ankalidyetsa ndani? Kunja kusanache amayi ankakhala atafika kale padoko la Billingsgate kukapikula nsomba. Ankasenza dengu pamutu n'kumazungulira m'tinjira ta mzindawo, uku akukuwa dzina la malonda awo. Ena ankayenda ndi mkaka m'zidebe ziwiri zolendewera pamtengo wa pamapewa, ena malalanje, ena makala. Nsomba ikapanda kutha tsikulo, mpamba wapita. Amene anaonako mayi akuwerenga tindalama usiku pa nyali, n'kumapatula za oda ya mawa zisanakhudzidwe, akudziwa chimene ndikunena.

Masitolo analipo ndithu. Mu 1571 Mfumukazi Elizabeth I inatsegulira Royal Exchange, nyumba imene wamalonda wolemera Thomas Gresham anamangitsa, ndipo m'chipinda chake cham'mwamba munali timasitolo tambirimbiri togulitsa zovala zodula ndi zokongoletsera. Koma uko kunali kwa olemera. Sitolo wamba inali chipinda chakutsogolo kwa nyumba ya mwini wake. Thabwa lotsekera zenera ankalitsitsa m'mawa kuti likhale choyalapo malonda. Mtengo sunkalembedwa, munthu ankanenerera, ndipo ambiri ankatenga pangongole yolembedwa m'kabuku. Ngongoleyo ankapatsidwa ndi amene mwini sitolo ankawadziwa. Mlendo, wantchito wongofika kumene kuchokera kumudzi, mayi wamasiye wokhala ndi kandalama kamodzi m'manja, onsewa sitolo yawo inali dengu lija lodutsa pakhomo.

Kumidzi nkhani inali yokulirapo. Msika unkachitika kamodzi pasabata kutauni, mwina mtunda wa maola angapo. Ndiye kunkabwera munthu wa mtolo kumsana. Akaumasula pakhonde, mabanja ankaona singano, ulusi, zipeso, timagalasi todziyang'anira, mabatani, tinsalu ta kumutu, ndi timabuku totchipa tankhani ndi nyimbo. Ana ambiri akumidzi anayamba kugwira buku lawolawo chifukwa cha munthu ameneyu. Ankagona m'makola ndi m'nkhokwe za anthu, mvula ikumuthera pathupi, katundu wakeyo nthawi zambiri atamutenga pangongole kwa amalonda akuluakulu amene ankakumana nawo pa misika ya pachaka.

Tsono taonani mmene boma linkamuonera. Lamulo la mu 1572 linaika amalonda oyendayenda opanda chilolezo m'gulu limodzi ndi anthu ongoyendayenda osagwira ntchito. Chilango chake chinali kukwapulidwa ndi kubooledwa khutu lakumanja ndi chitsulo chamoto. Lamulo la mu 1597 linati akwapulidwe mpaka magazi atuluke, kenako abwezedwe kwawo. Munthu wogulitsa singano! Ndikaganiza za khutu limenelo thupi limachita tsembwe. Ndipo amene ankadandaula kosalekeza kwa akuluakulu anali eni masitolo a m'matauni, ponena kuti iwo amalipira lendi ndi misonkho pamene anzawowa akuwalanda makasitomala ulele.

Sindikunena kuti onse anali oyera mtima. Ena ankagulitsa zakuba, ena nsomba zoola, ena ankatseka njira moti ngolo zinkalephera kudutsa. Dandaulo la lendi nalonso linali ndi mutu. Koma anthu a nthawiyo ankadziwa kulimbana ndi chinyengo popanda kuboola makutu. M'misika yambiri malonda sankayamba belu lisanalire, kuti aliyense ayambire pamodzi. Miyezo ndi masikelo zinkayesedwa. Kuchingamira mlimi panjira n'kumugula mbewu asanafike pamsika, kuti ukagulitse modula, unali mlandu. Ndipo pa misika ya pachaka pankakhala bwalo lamilandu lapadera lotchedwa Piepowder, dzina lochokera ku Chifalansa lotanthauza mapazi afumbi. Linali bwalo la anthu apaulendo. Mkangano wa ngongole kapena wa nsalu yoperewera muyezo unkaweruzidwa pompopompo, chifukwa ankadziwa kuti mawa munthuyo adzakhala ali kutali. La ku Bartholomew Fair m'zaka zake zomalizira linkakumana m'nyumba yomwera mowa yotchedwa Hand and Shears, imene ilipo mpaka lero kumapeto kwa kamsewu kaja. Ndinaiona ndi maso anga. Bwalo limeneli ndimalikonda chifukwa linkayamba ndi kuvomereza kuti wamapazi afumbi ndi munthu woyenera chilungamo.

Mu 1697 zinthu zinatembenuka. Boma linali ndi ngongole za nkhondo, ndipo linakhazikitsa chiphaso cha amalonda oyendayenda: mapaundi 4 pachaka kwa woyenda pansi, ndi mapaundi ena 4 pa hatchi kapena bulu aliyense wonyamula katundu. Inali ndalama yambiri, yoti mtsikana wantchito zapakhomo akanatha kuigwirira chaka chathunthu. Ogulitsa nsomba, zipatso ndi zakudya sanakhudzidwe. M'chaka choyamba chokha anthu oposa 2,500 anabwera kudzadula ziphasozo. Anthu omwe aja ankatchedwa mbava ndi alesi anatulutsa ndalama m'thumba n'kulipira, atangopatsidwa njira yogwirira ntchito yawo osathamangitsidwa. Kwa ine chiwerengero chimenechi chikuyankha funso lonse la ngati ankakonda chisokonezo kapena ankangofuna malo.

Ena mwa iwo, mpamba ukakula, ankagula hatchi, kenako n'kudzatsegula sitolo m'tauni ya msika. Ngakhale liwu lathu loti okala, kagolosale ka pakhomo kaja, linachokera ku dzina lachingerezi la wamalonda woyendayenda. Mayi anga sanafike pokhala ndi okala, ngakhale ankailakalaka. Ndimakumbukira tsiku lina ndili sitandade 5, atabwera kunyumba masana ndi beseni lopindika, tomato atatayidwa pamsewu pothamangitsidwa. Sanalire. Anakhala pakhonde, nkhata idakali m'manja, n'kundituma kuti ndikawabwerekere ndalama kwa anzawo a m'chipereganyu kuti mawa akapikulenso. M'mawa mwake ndisanadzuke anali atapita kale, ndipo fizi ya teremu imeneyo inalipiridwa.