Matalala si masewera: chenjezo kwa anzanga a ku Mangochi

Abale anga a kuno ku Mangochi, ndikulemba mawu awa chifukwa cha khalidwe limene limaoneka pakati pathu mvula ya matalala ikagwa, ndipo khalidweli likundidetsa nkhawa kwambiri. Kukatentha mu Okutobala ndi Novembala, mpaka munthu kulephera kuponda mchenga wa kunyanja masana, tonse timalira mvula. Koma mvula yoyamba ya nyengo imeneyi siibwera mwaulemu. Kunja kumangoti zii, tsamba osagwedezeka, kenaka mitambo yakuda bii imaunjikana pamwamba pa mapiri, ndipo munthu asanamalize kuanula zovala, chimphepo chimakhala chafika kale, malata n'kuyamba kulira ngati wina akuwagenda ndi miyala.

Kutentha komweko ndiko kumabala matalala. Mpweya wotentha wa m'chigwa chathu chino, wodzaza ndi chinyezi cha m'nyanja ya Malawi, ya Malombe ndi mtsinje wa Shire, umakwera mwamphamvu n'kunyamula madontho a madzi kukafika nawo kumwamba kwambiri, kumene kumazizira moti madziwo amaundana. Timiyalato timakulirakulira tikamakumana ndi madontho ena, kufikira mphepo yokwera ija italephera kutinyamula. Mtambo umene uli ndi mphamvu yotere ndi womwewonso umabweretsa mphenzi ndi mkuntho, choncho amene waona matalala pabwalo pake adziwe kuti zinthu ziwirizi zili pafupi.

Nanga n'chifukwa chiyani inu makolo mumalola ana kuthamangira pabwalo ndi mbale kukatola matalala? Ana alibe mlandu, chifukwa kwa iwo madzi oundana m'dziko lotentha ngati lino ndi chinthu chodabwitsa. Mlandu uli ndi munthu wamkulu amene waima pakhonde, foni ili m'manja, akujambula mwana wake wopanda nsapato akudumphadumpha pansi pa mtambo wa mphenzi, kuti akaonetse anzake pa WhatsApp ndi pa Facebook. Talala lalikulu likhoza kutupitsa mutu wa mwana kapena kumuvulaza diso, ndipo lata limene mphepo yalizula kwa anansi limauluka mopanda chenjezo, m'mphepete mwake muli mwakuthwa. Mwana aitanidwe alowe m'nyumba bingu loyamba likangomveka, ndipo asatuluke mpaka patadutsa mphindi 30 kuchokera pamene bingu lomaliza lamveka.

Tsopano ndinene za madenga athu, pakuti apa m'pamene pagona ulesi wathu waukulu. Yendani m'midzi ya kwa Mponda, kwa Chimwala kapena kwa Nankumba, mudzaona nyumba zambiri zimene malata ake anawapsinja ndi miyala, njerwa ndi matayala akutha, mwininyumba n'kumagona mtima uli m'malo poganiza kuti wathana ndi mphepo. Mwala suletsa denga kusasuka. Mphepo ikalowa pansi pa lata n'kulikweza, mwalawo umagwera pansi, ndipo umagwera pamene pali anthu. Denga limagwira ndi misomali ya malata yokwanira, yokhomedwa pa mitengo yolimba, ndipo mitengoyo iyenera kumangidwa ndi waya wolowa m'khoma mizere ingapo ya njerwa kutsika pansi. Ambiri timamana mmisiri misomali kuti tipulumutse ndalama pang'ono, ena timasiya mitengo imene chiswe chinadya kalekale, mkati muli fumbi lokhalokha, tikudziwa bwino lomwe. Ndalama ya misomali ndi waya ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa malata atsopano, osanenanso za ufa, mabuku a ana ndi zogonera zimene zimanyowa denga likachoka. Ntchito imeneyi ndi ya mu Seputembala, dzuwa likadali poyera, ndipo amene sanaichite aichite sabata ino. Akuluakulu a m'mizikiti, m'matchalitchi ndi m'makomiti a sukulu ayenderenso madenga awo, chifukwa nyumba zazitalizi zimakola mphepo kwambiri, ndipo pansi pake pamakhala ana ambiri nthawi imodzi.

Mkuntho ukayamba, tsekani zitseko ndi mawindo, chifukwa mphepo ikalowa m'nyumba imakankha denga kuchokera mkati. Khalani kutali ndi magalasi, zulani wailesi, kanema ndi mafoni ku magetsi, ndipo mukamva denga likutukuka, lowetsani ana pansi pa tebulo kapena bedi, mitu yawo itaphimbidwa ndi matiresi. Si nthawi yotuluka kukakwera padenga kuti mupulumutse sola.

Enanso amene ndikuwadzudzula ndi amene amathawira pansi pa mitengo. A kabaza ndi amayi ogulitsa m'mphepete mwa msewu amaunjikana pansi pa mtengo wa mango kapena mlambe, ena amatsamira mgwalangwa umene waima wokha pamtetete. Mtengo wautali umene waima wokha ndiwo mphenzi imakonda kuomba, ndipo nthambi zolemedwa ndi mango sizichedwa kuthyoka. Pemphani malo pa nyumba kapena sitolo yapafupi. Kwathu kuno palibe amene angakanize mlendo pobisala mvula. Mbuzi zimene mwamangirira kudambo zimasuleni mitambo ikangoyamba kuda, musadikire kuti mudzathamange matalala akugwa.

Kwa asodzi a ku Makanjira, Malindi, Monkey Bay ndi ku Malombe, mawu anga ndi achidule, popeza inu mumaidziwa nyanja kuposa ine. Pamadzi palibe pobisala, ndipo munthu amene ali m'bwato ndiye chinthu chachitali pamalo onsewo. Usipa umene uli pathandala uanulidwe msanga, koma ukapezeka ndi mvula usiyeni unyowe.

Ngozi siitha mvula ikakata. Waya wa magetsi amene wagwa pansi aliyense amuyese wamoyo, asamukhudze ngakhale ndi mtengo, ana atalikitsidwe, ndipo a ESCOM auzidwe mwamsanga. Khoma la zidina limene lanyowa chifukwa denga lachoka likhoza kugwa usiku anthu ali m'tulo, choncho banja lisagonemo kufikira litaonedwa bwino. Kawuzeni amfumu za zimene zaonongeka kuti uthenga ufike kwa komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi ku ofesi ya bwanamkubwa. Nthambi yoona za nyengo imalengeza pa wailesi pamene kukuyembekezeka mvula ya mabingu ndi mphepo, ndipo amene wamva chilengezocho auze anansi ake, makamaka agogo amene amakhala okha, amene alibe wailesi ndiponso alibe wowakwerera padenga.