Nyimbo sizingaphunzitse zonse za Chimandarini

Olemba nkhani ina yolimbikitsa kuphunzira Chitchaina kudzera m'nyimbo anena zoona kuti nyimbo zamakono za Chitchaina zimathandiza kuloweza mawu, makamaka munthu akamatsatira zilembo zoyenda mmunsi mwa vidiyo uku ali ndi pinyin (kalembedwe ka mawu a Chitchaina m'zilembo ngati zathuzi) pambali. Komabe sanachenjeze owerenga za vuto lalikulu. Chimandarini, chilankhulo chachikulu cha ku China, chili ndi njira zinayi zokwezera ndi kutsitsa mawu, zomwe zimasintha tanthauzo, koma woimba amatsatira kayendedwe ka nyimbo ndipo kusiyanako kumazimirira, moti wophunzira kudzera m'nyimbo zokha amavutika kumveka akamalankhula. Ndiponso nyimbo zambiri zotchuka zimachokera ku Taiwan, kumene amalemba ndi zilembo zakale, osati zofewetsedwa zomwe boma la China linakhazikitsa mu 1956. Ongoyamba kumene asathamangire nyimbo za Jay Chou, woimba wa ku Taiwan yemwe amameza mawu. Koma nyimbo zodekha za Teresa Teng, yemwenso anali woimba wa ku Taiwan, zimamveka bwino liwu lililonse.